Mmene Ajapani Adapezera Zilembo Zawozawo

Nkhani yathu ya lero ikutitengera kutali, kum'maŵa kwa Asia, ku zilumba za dziko la Japan. Sitikamba za galimoto kapena za makina amene dzikolo limatchuka nawo, koma za kalembedwe ka anthu ake. Ambiri a inu mudaonapo zolemba za Chijapani, kaya pambali pa minibasi imene idayamba yatumikira kwawoko isanafike m'misewu yathu, kaya pa mabatani a wailesi ya m'galimoto. Kwa munthu wosazidziŵa, zolembazo zimaoneka ngati mapazi a nkhuku pamatope. Koma paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti zilembozo si za mtundu umodzi. Zina n'zothithikana, za mizere yambirimbiri. Zina n'zopindika mofeŵa, ngati ulusi umene wagwa pansi. Zinanso n'zowongoka, za ngodya zakuthwa, ngati timitengo ta machesi.

Zothithikanazo amazitcha kanji, ndipo zidachokera ku China. Chilembo chilichonse cha kanji chimaimira tanthauzo, monga phiri, mtsinje, munthu kapena mtima. Zopindika mofeŵa zija ndi hiragana, ndipo za ngodya zakuthwa ndi katakana. Mitundu iŵiri yotsirizayi, poitchula pamodzi, amangoti kana. Iyi ndiyo imene Ajapani adadzipangira okha, ndipo ndiyo mutu wa nkhani yathu.

Kuti timvetse mmene kana imagwirira ntchito, tiyeni tikumbuke kalasi ya Sitandade 1. Mphunzitsi amayamba ndi malembo a liwu asanu aja, a, e, i, o, u. Kenaka amawaphatikiza ndi malembo opanda liwu, ana n'kumaimba pamodzi kuti ba, be, bi, bo, bu, kapena ma, me, mi, mo, mu. Aŵa ndiwo maphatikizo. Ife polemba phatikizo lakuti "ma" timafuna malembo aŵiri, "m" ndi "a". Mjapani amalemba phatikizo lonselo ndi chilembo chimodzi chokha. Ali ndi chilembo cha "ma", china cha "mi", chinanso cha "mu", ndipo zilembozi sizifanana maonekedwe ngakhale pang'ono. Mawu akuti "yama", amene m'Chijapani atanthauza phiri, ife tingawalembe ndi malembo anayi, koma m'kana amafuna zilembo ziŵiri basi, "ya" ndi "ma".

Chijapani, monga Chicheŵa, chili ndi malembo a liwu asanu, kungoti iwo amawandandalika motere: a, i, u, e, o. Akatero amatsatiza ka, ki, ku, ke, ko, kenaka mizere ya sa, ta, na, ha, ma, ya, ra ndi wa. Mizere isanu ndi itatu ili ndi zilembo zisanuzisanu, zimene zikukwana 40. Mzere wa "ya" uli ndi zitatu zokha, wa "wa" uli ndi ziŵiri, ndipo pamapeto pali chilembo chimodzi chapadera choimira "n", chimene sichitenga lembo la liwu. Zonse pamodzi ndi 46. Hiragana ili ndi zilembo 46, katakana nayonso 46, ndipo zonse ziŵiri zimaimira maphatikizo omwewo. Apa wina angafunse kuti, kodi mtundu umodzi wa anthu ungafunirenji njira ziŵiri zolembera mawu amodzimodzi, kuwonjeza pa zilembo zikwizikwi za ku China? Yankho lake lili m'mbiri.

Kale anthu a ku Japan adalibe zilembo. Nthano, nyimbo ndi maina a makolo ankazisunga pamtima, monga ankachitira makolo athu. Cha m'zaka za m'ma 400, alembi ochokera ku Korea adayamba kubweretsa mabuku ndi luso la kalembedwe ka Chitchaina ku nyumba ya mfumu, ndipo m'zaka za m'ma 500 chipembedzo cha Buddha chidafika ndi mabuku ake ambiri, onsewo olembedwa m'Chitchaina. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ajapani adalandira kalumoko ndi manja aŵiri. Malamulo, makalata a boma ndi mbiri ya mafumu zidayamba kulembedwa m'Chitchaina, ndipo mwamuna wophunzira ankadziŵika ndi luso lake pa chiyankhulo chimenechi.

Komabe panali vuto lalikulu. Chitchaina ndi Chijapani si ziyankhulo za banja limodzi. M'Chitchaina mawu sasintha maonekedwe. Mneni wakuti "kudya" amakhala chimodzimodzi, kaya munthu adadya dzulo kaya adzadya maŵa. Chijapani pa mbali imeneyi chimafanana ndi chiyankhulo chathu. Ife timati ndikudya, ndidadya, sindidadye, ndikadadya. Tsinde ndi limodzi, koma timaphatikizapo tizigawo tosiyanasiyana. Mjapani nayenso amati "taberu" kutanthauza kudya, "tabeta" ngati adadya kale, "tabenai" ngati sakudya. Chilembo cha Chitchaina chinkatha kuimira ganizo la kudya, koma tizigawo takumapeto tija, timene timanena nthaŵi, kukana, kapena ulemu, chinalibe potiika. Ndiponso maina a anthu, a malo ndi mawu a m'nyimbo sakadatheka kuwamasulira; ankafunika kulembedwa monga momwe amamvekera.

Alembi adapeza nzeru. Adayamba kutenga zilembo zina za Chitchaina, n'kutaya tanthauzo lake, n'kusunga kamvekedwe kokha. Tiyerekeze kuti ife tilibe malembo, koma tikufuna kulemba mawu akuti "nyama". Tingajambule nyani kuti atipatse "nya", n'kujambulanso maso kuti atipatse "ma". Woŵerenga ayenera kuiŵala za nyaniyo ndi za masowo, n'kumva "nyama" basi. Ndimo ankachitira. Polemba "yama", mawu a phiri aja, ankatha kuika chilembo chotanthauza usiku, chimene chinkamveka "ya", ndi china chotanthauza chomera cha luzi, chimene chinkamveka "ma". Njira imeneyi ikupezeka m'nyimbo za m'buku la Kojiki la m'chaka cha 712, ndi m'buku la Nihon Shoki la m'chaka cha 720. Koma idatchuka kwambiri ndi buku lalikulu la ndakatulo lotchedwa Man'yoshu, limene lili ndi ndakatulo pafupifupi 4,500, ndipo yotsiriza mwa zimene chaka chake chimadziŵika ndi ya 759. Chifukwa cha bukuli, kalembedwe kameneka amakatcha man'yogana.

Njirayi inkagwira ntchito, koma inali yotopetsa. Phatikizo limodzi lokha linkafuna chilembo cha mizere isanu, khumi kapena kupitirira. Panalibenso lamulo lakuti phatikizo lakutilakuti lizilembedwa ndi chilembo chimodzi. Mlembi aliyense ankasankha chimene wakonda, kotero kuti zilembo zogwiritsidwa ntchito motere zidafika mazanamazana. Tsono munthu akatopa ndi katundu wolemera, amafunafuna njira yomupeputsira. M'zaka za m'ma 800, magulu aŵiri a anthu adapeputsa katunduyu, gulu lililonse mwa njira yakeyake.

Gulu loyamba linali la ansembe ndi ophunzira a m'nyumba za chipembedzo cha Buddha. Iwoŵa ankakhala pansi ndi buku la Chitchaina, mphunzitsi n'kumawaŵerengera m'Chijapani. Wophunzira ankayenera kulemba msangamsanga katchulidwe ka mawu ndi tizigawo ta mneni m'timipata tating'ono ta pakati pa mizere ya bukulo. Malo adali ochepa, nthaŵinso inali yochepa. Choncho m'malo molemba chilembo chonse, ankangodulako kachidutswa. Chilembo chotanthauza kuwonjeza, chimene chimamveka "ka", adatengako mbali ya kumanzere yokha, ya mizere iŵiri. Pa chilembo china chomveka "u" adatengako kadenga kapamwamba. Pa chomveka "i" adatengako timizere tiŵiri ta kumanzere. Umo ndimo mudabadwira katakana, ndipo dzina lake lomwe likunena zimenezi, pakuti "kata" atanthauza mbali kapena chinthu chosakwanira.

Gulu lachiŵiri linali la anthu a ku nyumba ya mfumu, mu mzinda wa Heian, umene lero ndi Kyoto, ndipo udakhala likulu kuyambira m'chaka cha 794. Anthu ameneŵa ankalemberana makalata ndi ndakatulo tsiku ndi tsiku, pogwiritsa ntchito burashi ndi inki. Iwo sadadule chilembo, koma ankachilemba chonse mothamanga, osanyamula burashi papepala, mpaka ngodya zonse zidasungunuka n'kusanduka mizere yopindika. Chilembo chotanthauza mtendere, chimene chimaonetsa mkazi ali pansi pa denga ndipo chili ndi mizere isanu ndi umodzi, chidasanduka "a" wa hiragana, wa mizere itatu. Chilembo chotanthauza mkazi chidasanduka "me". Chilembo cha kuwonjeza chija, chimene ansembe adadulako mbali, kuno chidafeŵetsedwa chonse n'kukhala "ka" wa hiragana. N'chifukwa chake "ka" wa katakana ndi "ka" wa hiragana amafanana ngati ana a bere limodzi.

Pali mwambo wakale wonena kuti hiragana adaipanga ndi wansembe wotchuka Kukai, amene adakhala ndi moyo kuyambira 774 mpaka 835, ndi kuti katakana adaipanga ndi nduna ina dzina lake Kibi no Makibi. Akatswiri a mbiri savomereza zimenezi. Zolemba zakale zimene zidatsala zikuonetsa kuti zilembozi zidasintha pang'onopang'ono m'manja mwa anthu ambiri, pa mibadwo ingapo.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pa mtima pake. Zilembo zatsopanozi sizidalandiridwe ndi ulemu. Zilembo za Chitchaina ankazitcha "mana", ndiye kuti zilembo zenizeni, pamene dzina lakuti "kana" lidachokera ku mawu otanthauza zilembo zobwereka kapena zongogwirizira. Hiragana ankaitcha "onnade", kutanthauza dzanja la akazi. Mwana wamwamuna wa banja lapamwamba ankaphunzitsidwa Chitchaina kuti adzagwire ntchito m'boma. Mwana wamkazi sankayembekezeka kudziŵa zimenezo. Iye ankamusiyira zilembo zopepukazi kuti azilembera makalata ndi tindakatulo.

Amuna nawonso ankaidziŵa hiragana, pakuti popanda iyo sakadatha kufunsira mbeta mwa kalata. Cha m'chaka cha 905, mfumu idalamula kuti ndakatulo za Chijapani zisonkhanitsidwe m'buku lotchedwa Kokinshu, ndipo mmodzi mwa osonkhanitsawo, Ki no Tsurayuki, adalemba mawu otsogolera bukulo m'kana. Komabe patapita zaka pafupifupi 30, munthu yemweyu, pobwerera ku likulu kuchokera ku chigawo cha Tosa kumene adali bwanamkubwa, adafuna kulemba za ulendo wake ndi za chisoni cha mwana wamkazi amene adamwalira kumeneko. Mwambo unali wakuti mwamuna alembe buku lotere m'Chitchaina. Iye adasankha kana, ndipo kuti atero, adalemba ngati kuti wolembayo ndi mkazi. Taganizani, omvera: nduna ya mfumu kubisala m'dzina la mkazi kuti ilire maliro m'chiyankhulo chimene idayamwa.

Cha m'chaka cha 1000, akazi a ku nyumba ya mfumu adatenga zilembo zonyozekazi n'kuchita nazo zodabwitsa. Sei Shonagon, amene ankatumikira mfumukazi Teishi, adalemba buku la zimene ankaona ndi kuganiza tsiku ndi tsiku, lotchedwa Makura no Soshi. Murasaki Shikibu, amene ankatumikira mfumukazi Shoshi, adalemba Genji Monogatari, nkhani yaitali ya mitu 54 yonena za moyo wa mwana wa mfumu ndi mbadwa zake. Murasaki ankadziŵa Chitchaina bwino lomwe. M'buku la moyo wake adafotokoza kuti adachiphunzira pomvetsera pamene mlongo wake ankaphunzitsidwa, ndi kuti bambo wake ankadandaula kuti mwana wanzeru chotero sadabadwe wamwamuna. Atakula ankabisa nzeruzo poopa miseche. Nkhani yake adailemba m'Chijapani, m'dzanja la akazi lija.

Lero, patapita zaka zoposa 1,000, ndakatulo za Chitchaina zimene nduna za nthaŵi imeneyo zinkanyadira zimaŵerengedwa makamaka ndi akatswiri. Koma Genji Monogatari amaphunzitsidwa m'sukulu za ku Japan, adamasuliridwa m'Chingerezi ndi Arthur Waley pakati pa 1925 ndi 1933 ndiponso ndi ena pambuyo pake, ndipo ambiri amaiŵerengera pakati pa nkhani zazitali zopeka zakale kwambiri pa dziko lapansi. M'chaka cha 2000 dziko la Japan lidatulutsa ndalama yapepala ya 2,000 yen yokhala ndi chithunzi cha Murasaki.

Tibwerere ku zilembo zenizenizo. Kwa zaka mazana ambiri, ana ankaziloŵeza pogwiritsa ntchito ndakatulo yotchedwa Iroha, imene ili ndi zilembo 47 za nthaŵi imeneyo, chilichonse kamodzi kokha, popanda kubwereza. Zolemba zakale kwambiri zimene ndakatuloyi ikupezekamo ndi za m'chaka cha 1079. Ndondomeko ina ija ya a, i, u, e, o, imene ndiyo ikutsatidwa m'sukulu ndi m'madikishonale masiku ano, idachokera kwa ansembe amene ankaphunzira Sanskrit, chiyankhulo chakale cha ku India, ndipo adatengera mmene Amwenye ankandandalikira malembo awo.

Mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, phatikizo limodzi linkatha kulembedwa ndi zilembo za hiragana zingapo zosiyana. M'chaka cha 1900 boma lidalamula kuti m'sukulu za pulaimale phatikizo lililonse likhale ndi chilembo chimodzi. Zotsalazo zidasiyidwa, ngakhale kuti zina mungazionebe pa zikwangwani za malo odyera akale. Kusintha kwina kwakukulu kudachitika m'chaka cha 1946, nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itangotha. Pofika nthaŵi imeneyo katchulidwe ka mawu kadali katasintha kwambiri, koma kalembedwe kadali ka makolo. Mawu otanthauza "lero" ankatchulidwa "kyoo" koma ankalembedwa "ke-fu". Boma lidalamula kuti mawu azilembedwa monga amamvekera, ndipo zilembo ziŵiri, "wi" ndi "we", zidachoka m'kalembedwe ka masiku onse. Ife zotere si zachilendo, pakuti malamulo a kalembedwe a Chichewa Board a m'chaka cha 1973 ndiwo adatisiyitsa kulemba "cinthu" n'kuyamba kulemba "chinthu".

Pa nthaŵi yomweyo ulemu wa mitundu iŵiri ya kana udasinthana. Nkhondo isanachitike, malamulo a dziko ankalembedwa m'kanji ndi katakana, monga lamulo lalikulu la m'chaka cha 1889, ndipo mwana woyamba sukulu ankayamba ndi katakana. Lamulo lalikulu latsopano la m'chaka cha 1946 lidalembedwa m'kanji ndi hiragana, m'mawu oyandikira chiyankhulo cha anthu wamba. Dzanja la akazi lija lidaloŵa m'malamulo a dziko, ndipo ana adayamba kuphunzira hiragana poyamba.

Nanga masiku ano ntchito amagaŵana bwanji? Mukatsegula nyuzipepala ya ku Tokyo mupeza mitundu yonse itatu m'chiganizo chimodzi. Kanji imanyamula maina a zinthu ndi matsinde a aneni. Hiragana imalemba tizigawo takumapeto kwa mneni tija, timawu tolumikiza, ndi mawu a Chijapani amene alibe kanji yozoloŵereka. Imathandizanso woŵerenga: pamene kanji ili yovuta, amaika tizilembo ting'onoting'ono ta hiragana pambali pake kapena pamwamba pake tosonyeza katchulidwe. Katakana ndi ya mawu obwereka ku ziyankhulo zina, maina a anthu ndi malo akunja, maina a nyama ndi zomera m'mabuku a sayansi, ndiponso amvekero, monga kuuwa kwa galu kumene iwo amakumva ngati "wan-wan". Kale matelegalamu nawonso ankalembedwa m'katakana yokhayokha.

Zilembo 46 sizikwanira maphatikizo onse, choncho pali tizizindikiro tothandiza. Timizere tiŵiri pamwamba cha kumanja timasandutsa "ka" kukhala "ga", "sa" kukhala "za", "ta" kukhala "da", ndi "ha" kukhala "ba". Kabwalo kakang'ono pamalo omwewo kamasandutsa "ha" kukhala "pa". Mwa njira imeneyi zilembo zimakwana 71. Timizere tiŵiriti tili ndi mbiri yake pa galimoto zimene timaziona tsiku ndi tsiku. Banja limene lidayambitsa kampani ya Toyota dzina lake ndi Toyoda. M'chaka cha 1936 adasankha chizindikiro cha malonda cholembedwa m'katakana, nachotsa timizere tija pa chilembo chotsiriza, "da" n'kukhala "ta". Dzinalo lidatsala ndi mizere isanu ndi itatu m'malo mwa khumi, ndipo 8 kwa Ajapani ndi nambala ya mwayi.

Kukula kwa chilembo nakonso kuli ndi tanthauzo. Mukalemba "ki" n'kutsatiza "yo" wamng'ono, ziŵirizo zimamveka pamodzi kuti "kyo", monga m'dzina la Kyoto. Wolemba ayenera kusamala, pakuti "byooin", wa "yo" wamng'ono, ndi chipatala, pamene "biyooin", wa "yo" wamkulu, ndi malo okonzerako tsitsi. Chilembo cha "tsu" chikalembedwa chaching'ono sichitchulidwa, koma chimauza woŵerenga kuti aime kamphindi. "Kite" atanthauza bwera, "kitte" ndi sitampa ya pa kalata. Kutalika kwa liwu nakonso amakulemba: "obasan" ndi azakhali, "obaasan" ndi agogo aakazi, ndipo mlendo amene asokoneza ziŵirizi adzakwiyitsa mayi amene sanakalambe. Chilembo chilichonse, kupatula "ya", "yu" ndi "yo" aang'ono, chimatenga mphindi yofanana pochitchula, ndipo mphindi zimenezi ndizo alakatuli amaŵerenga polemba haiku, ndakatulo ya zigawo zitatu za 5, 7 ndi 5.

Pa mawu obwereka, m'kamwa mwa Mjapani ndi m'kamwa mwa Mcheŵa mumachita zofanana modabwitsa. Tonse sitikonda kuunjika malembo opanda liwu kapena kutsiriza nawo mawu, ndiye timaloŵetsapo malembo a liwu. Ife timati basi, iwo amati "basu". Ife tebulo, iwo "teeburu". Ife supuni, iwo "supuun". Ife shati, iwo "shatsu". Ife galasi, iwo "garasu", mawu amene adawatenga kwa amalonda a ku Holland. Buledi amamutcha "pan", kuchokera kwa Apwitikizi amene adafika ku Japan m'zaka za m'ma 1540. Mwaonanso kuti "l" ndi "r" kwa iwo ndi liwu limodzi, monga momwe zilili kwa ife. Anyamata ndi atsikana odzipereka a ku Japan, amene akhala akubwera kudzagwira ntchito m'dziko muno kuyambira 1971, polembera makolo awo amalemba dzina la Malaŵi ndi zilembo zinayi za katakana: ma, ra, u, i.

Funso limene ambiri amafunsa ndi ili: ngati kana ingathe kulemba mawu alionse a Chijapani, bwanji osangotaya kanji? Ajapani eni ake adakangana pa nkhani imeneyi kwa zaka zambiri. M'chaka cha 1866, Maejima Hisoka, amene pambuyo pake adakhazikitsa ntchito za positi m'dzikolo, adapempha olamulira kuti kanji ithetsedwe kuti maphunziro afalikire. M'chaka cha 1946 gulu la akatswiri a maphunzitsidwe lochokera ku United States lidalangiza kuti dzikolo liyambe kugwiritsa ntchito malembo a Chiroma, onga athuŵa. Koma kafukufuku wa m'chaka cha 1948 adapeza kuti anthu osatha kuŵerenga n'komwe adali ochepa kwambiri, ndipo maganizowo adazirala.

Chifukwa china n'chakuti Chijapani chili ndi mawu ambiri omveka mofanana. "Kami" angatanthauze pepala, tsitsi kapena mulungu. "Hashi" angakhale mlatho, mphepete, kapena timitengo todyera. Ifenso tili nawo otere: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba chimodzimodzi, ndipo chiganizo ndicho chimatiuza. Kwa Mjapani, kanji imathetsa chikayiko nthaŵi yomweyo. Ndiponso iwo sasiya mipata pakati pa mawu. Kusinthana kwa kanji ndi kana ndiko kumaonetsa diso pamene mawu ayambira ndi pamene athera. Choncho adagwirizana pa kuchepetsa chiŵerengero. Mndandanda wa boma wa m'chaka cha 1946 udali ndi kanji 1,850, wa 1981 udali ndi 1,945, ndipo wa 2010 uli ndi 2,136. Mwana amaphunzira kana yonse m'chaka choyamba cha sukulu pamodzi ndi kanji 80, ndipo pomaliza zaka zisanu ndi chimodzi za pulaimale amakhala ataphunzira kanji 1,026.

Phindu la kana pa maphunziro lili pomwepa. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale asanadziŵe kanji zokwana khumi, angathe kulembera agogo ake kalata yonena chilichonse chimene chili mumtima mwake, ndipo mabuku a ana aang'ono amasindikizidwa m'hiragana. Zilembo za anthu osaona za ku Japan, zimene Ishikawa Kuraji adakonza ndipo zidavomerezedwa m'chaka cha 1890, nazonso zimatsata maphatikizo a kana. Ngakhale pa kompyuta ndi pa foni, munthu amayamba walemba kamvekedwe ka mawu, makina n'kumuonetsa kanji zoti asankhepo, njira imene kampani ya Toshiba idaonetsa m'makina ake olembera a m'chaka cha 1978.

Kodi njira yotere ingayenere Chicheŵa? Ganizo lolemba phatikizo ngati chinthu chimodzi silachilendo mu Africa. Anthu a mtundu wa Vai ku Liberia ali ndi zilembo zawo za maphatikizo kuyambira m'zaka za m'ma 1830, ndipo kuno kwathu a Nolence Mwangwego adayamba kukonza zilembo za ziyankhulo za m'Malaŵi m'chaka cha 1979, nazionetsa poyera m'chaka cha 1997. Koma kana yeniyeniyo ingatichepere. Maphatikizo a Chijapani angopitirira pang'ono 100, pamene athu ndi mazana angapo, chifukwa tili ndi onga mba, nkha, ntcha, mphwa, psa ndi ndza, amene Mjapani sangawalembe popanda kuwaphwanya. Chiyankhulo chilichonse chimafuna chovala chosokedwa pa msinkhu wake.

Phunziro limene tingatengepo si la maonekedwe a zilembo ai. Ajapani adalandira chiyankhulo cha mtundu wamphamvu, adachilemekeza, ndipo mpaka lero sadachitaye. Koma mkati mwa zaka mazana angapo adaumba kuchokera m'zobwerekazo chida cholembera mawu a m'nyumba mwawo, ndipo amene adachigwiritsa ntchito mwaluso koposa adali anthu amene ankayesedwa osayenera maphunziro apamwamba. Nafenso tili ndi chiyankhulo cha ku ofesi ndi cha mayeso, ndipo tili ndi cha pa mphasa ndi cha pamaliro. Malembo tili nawo kale. Sitifunika kudikira mibadwo kuti tiwapange. Chotsalira n'chakuti mphunzitsi amene akundimvera madzulo ano, mayi amene amadziŵa nthano za agogo ake, ndi mnyamata amene amalemba ndakatulo kumapeto kwa kope lake la masamu, akhulupirire kuti zimene angalembe m'chiyankhulo chawo n'zoyenera pepala ndi inki, ndipo azisunge bwino kuti adzaziŵerenge adzukulu.